Maphunziro a Think Again pa Coursera: Ndemanga ya Mphunzitsi wa Chimangirizo cha Mtsutso

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 kulemba chimangirizo cha mtsutso, ndipo nthawi yonseyo malangizo anga adali amodzimodzi: sankha mbali, pereka mfundo zingapo, iliyonse m'ndime yakeyake, kenako umalize potsindika mbali imene wasankha. Ana ankatsatira, ena ankakhoza bwino mayeso a MSCE, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndikuwaphunzitsa kuyala mfundo, osati kuziyeza. Mwana ankatha kudzaza masamba awiri ndi Chichewa chosalala popanda chifukwa n'chimodzi chomwe chimene chikadapirira funso lakuti "wadziwa bwanji?", ndipo ine wochongayo ndinkamva kuti penapake pali mphako, koma ndidalibe mawu omveka omuuzira pamene pali mphakoyo. N'chimene chidandipititsa ku maphunziro a pa intaneti otchedwa Think Again, amene tsopano ndawatsiriza magawo onse anayi.

Maphunzirowa ndi a Duke University, sukulu yaukachenjede ya mumzinda wa Durham ku North Carolina, m'dziko la America, ndipo amapezeka pa Coursera, tsamba la maphunziro limene Andrew Ng ndi Daphne Koller, aphunzitsi a ku Stanford University, adayambitsa m'chaka cha 2012. Ophunzitsa ndi awiri: Walter Sinnott-Armstrong wa ku Duke komweko ndi Ram Neta wa ku University of North Carolina, ku Chapel Hill. Poyamba, m'chaka chomwecho cha 2012, adali maphunziro amodzi a masabata 12, koma pambuyo pake adawagawa panayi. Gawo loyamba ndi la kumvetsa mfundo za wolemba, lachiwiri ndi la kuganiza kumene chigamulo chake chimachokera m'zifukwa mosalephera, lachitatu ndi la kuganiza kodalira umboni ndi kuthekera kwa zinthu, ndipo lachinayi ndi la kuzindikira mfundo zachinyengo. Phunziro lililonse ndi vidiyo yaifupi, pansi pake pali mawu onse olankhulidwa atalembedwa, ndipo pamapeto pamabwera mafunso osankha yankho. Ine ndinkakopera mavidiyowo mu foni ndikapita ku tauni kumene intaneti imayenda bwino, n'kumaonera madzulo kunyumba. Panthawi imene ndinkaphunzira, kuonera mavidiyo sikunkafuna ndalama, satifiketi ndi imene inkalipiridwa, koma popeza malamulo a malipiro amasintha, ndi bwino kuwerenga zimene tsambalo likunena musanalembetse.

Mwa magawo anayiwo, loyamba ndi limene lili ndi mnofu, ndipo ndi limene ndikhalitsepo. Sinnott-Armstrong amayamba ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene Chingerezi chimazitchula ndi liwu limodzi lakuti argument, pamene ife tili ndi mwayi woti timazisiyanitsa kale. Mkangano ndi phokoso la anthu osamvana; chimene iye akuphunzitsa ndi ziganizo zolumikizana, zimene zina ndi zifukwa ndipo chimodzi ndi chigamulo chimene zifukwazo zikuyenera kuchirikiza. Munthu angathe kupereka mfundo yotere ali yekha, popanda womutsutsa. Kenako amasiyanitsa kukopa munthu ndi kumupatsa chifukwa chokwanira. Wokopa amafuna kuti muvomere basi, ndipo akavomerezedwa wakwanitsa ntchito yake, kaya wanama kaya wanena zoona. Wopereka chifukwa amafuna kuti mukhale ndi maziko a chimene mwavomeracho, ndipo ntchito yake ingakhale yabwino ngakhale inu mutakana. Kusiyanitsa kumeneku kudandikhudza kwambiri, chifukwa mpikisano wa mtsutso m'sukulu zathu kawirikawiri umapereka mphoto kwa wokopa, amene wakweza mawu ndi kuseketsa anthu, ndipo mwana wodekha amene wapereka chifukwa chenicheni amabwerera chimanjamanja.

Chotsatira ndi kusaka timawu timene timaonetsa pamene pali chifukwa ndi pamene pali chigamulo. Apa ndidayenera kudzigwirira ndekha ntchito yopeza timawu tathu, ndipo sinali yovuta. "Chifukwa", "popeza", "pakuti" ndi "poti" amatsogolera chifukwa. "Choncho", "motero", "n'chifukwa chake" ndi "ndiye kuti" amatsogolera chigamulo. Mphunzitsiyo amachenjeza kuti liwu limodzimodzi silikhala chizindikiro nthawi zonse, ndipo ndidaona kuti kwathu chenjezoli likuyenera liwu lakuti "ndiye", limene ana anga amaliika paliponse pongopitiriza nkhani, moti wowerenga amayesa kuti chigamulo chafika pamene wolemba wangopuma. Amachenjezanso kuti chiganizo cha "ngati … ndiye kuti" pachokha sichitsimikiza kanthu. Wonena kuti ngati mvula ichedwa chimanga chikwera mtengo sananene kuti mvula ichedwa, sananenenso kuti chimanga chikwera, wangolumikiza ziwirizo.

Koma phunziro limene lidasintha kachongedwe kanga ndi la mitundu itatu ya mawu imene wolemba amagwiritsa ntchito kuti asafunsidwe mafunso. Vuto limene mawuwa amathetsa ndi lenileni: chifukwa chilichonse chimene mungapereke chingafunsidwe chifukwa chake, chifukwa chachiwiricho chingafunsidwenso, ndipo mukapanda kuima penapake nkhani sidzatha. Pofuna kuima, wolemba amatsimikizira, amatchinjiriza, kapena amakankhira chitsutso pambali. Wotsimikizira amati "n'zodziwikiratu", "akatswiri apeza kuti", "ine ndalingalira kwa nthawi yaitali", kapenanso, moopseza, "ndi wopusa yekha amene angakane", ndipo potero amakuuzani kuti chifukwa chilipo koma osakuonetsani chifukwacho. Wotchinjiriza amachepetsa zimene akunena kuti zisagwetsedwe: m'malo mwa "onse" amati "ambiri" kapena "ena", m'malo mwa "zichitika" amati "zingachitike", m'malo mwa "zili choncho" amati "ndikuganiza kuti". Wokankhira pambali amatchula yekha chitsutso musanachitchule inu, n'kuchidutsa ndi "koma" kapena "ngakhale". Chimene ndidakonda n'chakuti mphunzitsiyo sanena kuti mawuwa ndi oipa. Wolemba woona mtima amawafuna, pakuti palibe amene angatsimikize chilichonse mpaka ku mizu. Funso ndi lakuti kodi kuseri kwa mawuwo kuli kanthu kapena kulibe.

Sabata imene ndidaphunzira zimenezi ndidali ndi mulu wa makope pa mutu wakuti "Sukulu zogonera ndi zabwino kuposa sukulu zoyendera". Mtsikana wina wanzeru, amene sindimutchula, adalemba ndime iyi: "Aliyense akudziwa kuti ana a sukulu zogonera amakhoza bwino mayeso. Ngakhale ena amati fizi ndi yokwera, maphunziro ndi chuma chosatha. Choncho boma lisandutse sukulu zonse kukhala zogonera." Kale ndikadachonga ndi kulemba kuti "bwino", chifukwa Chichewa chake n'choyera ndipo ndimeyo ili ndi mutu ndi mchira. Tsiku limenelo ndidatenga pensulo n'kuika chizindikiro pansi pa mawu atatu. "Aliyense akudziwa" ndi kutsimikizira kopanda umboni. "Ngakhale" watchula nkhani ya fizi koma sadaiyankhe, pakuti kunena kuti maphunziro ndi chuma sikuuza kholo losauka kumene lipeze ndalama. Ndipo "choncho" akudumpha dzenje lalikulu.

Dzenje limenelo ndi limene gawo loyamba limathera nalo: chifukwa chobisika, chimene wolemba sadachilembe koma mfundo yake singaime popanda icho. Njira yake ndi yolemba zifukwa pamndandanda, kujambula mzere, kuika chigamulo pansi pa mzerewo, kenako kufunsa kuti n'chiyani chikusoweka kuti za pamwamba zifikitse munthu pa za pansi. M'ndime ya mtsikanayo chosowekacho n'chakuti kugonera pasukulu ndi kumene kumachititsa ana kukhoza. Chikangolembedwa poyera, aliyense amene amadziwa kasankhidwe ka ana opita ku sekondale m'dziko muno amaona vuto lake. Ana amene akhoza kwambiri mayeso a Sitandade 8 ndi amene amasankhidwira ku sukulu zaboma zogonera, ndipo ambiri otsalawo amapita ku sukulu zoyendera za m'madera. Choncho kukhoza kwa ana a sukulu zogonera kungakhale kukuchokera ku kasankhidweko, kapena ku mabuku, malabu ndi aphunzitsi amene sukuluzo zili nawo, osati ku bedi la mu hositelo. Nditamuonetsa mtsikanayo, sadasinthe mbali yake, ndipo sindinkafuna kuti asinthe. Adalembanso ndimeyo pogwiritsa ntchito chifukwa china, chakuti mtsikana wogonera pasukulu sayenda mtunda wautali ndipo madzulo sathera pa mtondo ndi pa chitsime, ndipo ndime yachiwiriyo idali yolimba kuposa yoyamba kutali.

Pa nkhani yodzaza mipata, Sinnott-Armstrong amalimbikira chinthu chimene ndikufuna aphunzitsi anzanga achimve: pomanganso mfundo ya munthu wina, imangeni ikhale yolimba monga mmene ingathere, osati yofooka kuti muigwetse msanga. Cholinga ndi kumvetsa chimene mwini wake amatanthauza. Amene amaika m'kamwa mwa mnzake chifukwa chopusa n'kuchigwetsa sadaphunzire kanthu, ndipo mnzakeyo akadali pomwe adali.

Pali malo amodzi pamene maphunzirowa sangathandize wowerenga wa Chichewa mwachindunji, ndipo ndi malo amene kwa ife ndi aakulu: miyambi. Ophunzitsawo sakamba za miyambi chifukwa zolemba zimene amasanthula sizitsamira pa miyambi, pamene kwathu chimangirizo cha mtsutso, ulaliki, zolankhula pamaliro ndi mlandu wa pabwalo la amfumu zonse zimatsamira pamenepo. Nditaganiza ndi zida zimene adandipatsa, ndidaona kuti "akuluakulu adati" nthawi zambiri ndi mawu otsimikizira, ndipo ndi amphamvu kuposa "akatswiri apeza", chifukwa wotsutsa mwambi amaoneka ngati akutsutsa makolo. Komatu miyambi imakokerana. Wofuna kuti tidikire anena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kuti tichite msanga anena kuti ndionetsetse adathetsa nkhosa. Yonse iwiri ndi yoona, ndipo palibe umene pawokha ungatiuze ngati lero ndi tsiku lodekha kapena lofulumira. Mwambi umanyamula nzeru ya zochitika zambiri, koma wolemba ali ndi ngongole yoonetsa kuti nkhani ili patsogolo pathu ikufanana ndi nkhono osati ndi nkhosa. Sindikunena kuti ana asiye miyambi, pakuti chimangirizo chopanda mwambi chili ngati ndiwo zopanda mchere. Ndikunena kuti mwambi ubwere pambuyo pa chifukwa, kudzachikometsa, osati kudzakhala pampando wake.

Zitsanzo za ophunzitsawo ndi za kwawo, ndipo izi wophunzira ayenera kuziyembekezera. Chachikulu m'gawo loyamba ndi nkhani ya m'nyuzipepala imene Robert Redford, katswiri wa mafilimu wa ku America, adalemba potsutsa zoti kampani ina ikumbe mafuta m'dera lotetezedwa la Grand Staircase-Escalante ku Utah, limene Pulezidenti Bill Clinton adalikhazikitsa m'chaka cha 1996. Mphunzitsiyo amaiyenda nkhaniyo liwu ndi liwu, akuika chizindikiro pa mawu otsimikizira, otchinjiriza, okankhira pambali ndi oyamikira kapena onyoza. Kuyenda kumeneku ndi kwa pang'onopang'ono, ndipo munthu wosadziwa Utah kapena maofesi a boma la America amayamba wasochera. Ine ndidaonera kawiri, kachiwiriko ndikuwerenga mawu olembedwa. Komabe sindikadalola kuti achotse phunziro limeneli, chifukwa ndi pamene munthu amaona njira yonse ikugwira ntchito pa nkhani yeniyeni yolembedwa ndi munthu wodziwa kukopa, osati pa ziganizo zopekera m'kalasi.

Mawu awiri amene wophunzira ayenera kuwagwira asanachoke m'gawo loyamba ndi valid ndi sound. Mfundo ndi valid ngati n'zosatheka kuti zifukwa zake zikhale zoona koma chigamulo n'kukhala chabodza. Ine ndimauza ana kuti ndi mfundo yolumikizana bwino. Ndi sound ngati ili yolumikizana bwino ndiponso zifukwa zake zonse n'zoonadi. Kusiyanaku kumapatsa wowerenga mafunso awiri osiyana, lakuti "kodi zimenezi n'zoona?" ndi lakuti "zitakhala zoona, kodi zikutifikitsa pamene wolemba akufuna?", ndipo ana ambiri amangodziwa loyambalo. Gawo lachiwiri, la Ram Neta, limazamitsa funso lachiwirilo ndi matebulo a choona ndi chabodza komanso mabwalo olowana a Venn. Ndi lolongosoka bwino, koma ndi louma, lili pafupi ndi masamu, ndipo kwa munthu amene akufuna kuwerenga nkhani za m'nyuzipepala mwanzeru kapena kuchonga chimangirizo, phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi nthawi imene limadya. Amene ali ndi nthawi yochepa angalidumphe n'kudzabwererako.

Gawo lachitatu lili ndi phindu looneka msanga, makamaka pamene likukamba za kugamula za gulu lonse kuchokera pa zitsanzo zochepa, za kuyerekeza zinthu ziwiri, ndi za kusiyana kwa zinthu zochitikira limodzi ndi zinthu zimene china chimachititsa chinzake. Masiku amenewo padafika pa WhatsApp uthenga wotsatsa tiyi wina wa zitsamba, wonena kuti "akatswiri atsimikiza kuti tiyi ameneyu angathandize anthu ena kuchepetsa shuga m'thupi", ndipo pansi pake padali umboni wa anthu atatu amene akuti adachira. Ndidaulemba pa bolodi. Ana okha adapeza kuti akatswiriwo alibe mayina, kuti "angathandize" ndi "anthu ena" atchinjiriza chiganizocho kawiri moti sichilonjeza kanthu ngakhale chikumveka ngati lonjezo, ndi kuti anthu atatu osankhidwa ndi wogulitsa satiuza za amene adamwa osachira. Mnyamata wina adafunsa ngati atatuwo sankamwanso mankhwala a kuchipatala, ndipo funso limenelo ndi mtima wa gawo lonse lachitatu. Kumapeto gawoli limalowa m'masamu a kuthekera kwa zinthu, mpaka lamulo la Bayes, lowerengera mmene umboni watsopano umasinthira kuthekera kwa chinthu, ndipo pamenepo wophunzira amafunika pepala, pensulo ndi kuleza mtima.

Gawo lachinayi ndi limene anthu ambiri angathamangire, chifukwa mayina a mfundo zachinyengo amapatsa munthu mphamvu pa mtsutso. Ubwino wa kaphunzitsidwe kake n'ngwakuti sikapereka mndandanda wongoloweza. Pa nkhani yonyoza munthu m'malo moyankha mfundo yake, mwachitsanzo, amaonetsa kuti si nthawi zonse pamene kuyang'ana wolankhula kuli kolakwa. Kunena kuti "ukudziwa chiyani iwe mwana wa dzulodzuloli" sikuyankha kanthu. Koma kunena kuti mboni idalipidwa, kapena kuti sidali pamalopo, ndi chifukwa chomveka chosakhulupirira umboni wake. Chimodzimodzi ndi kutsamira pa akatswiri: funso ndi lakuti kodi munthuyo ndi katswiri pa nkhani imeneyi, kodi angakhulupirike, ndipo kodi akatswiri anzake akugwirizana naye. Phunziro limene lidandigwira mtima ndi la mfundo zodzitsekera, zimene zidamangidwa mwakuti palibe umboni ungazigwetse. Ndidakumbukira zimene ndidamvapo pamudzi, kuti woganiziridwa ufiti akavomera ndiye kuti ndi mfiti, akakana ndiye kuti mfiti sizivomera. Mfundo yotere imaoneka yamphamvu chifukwa siigonja, koma kusagonjako ndiye kufooka kwake, pakuti ikadanenedwa chimodzimodzi za munthu wina aliyense, ndipo agogo osalakwa avutikapo nayo.

Malire a maphunzirowa ndi oonekeratu. Onse ndi a m'Chingerezi, cha ku America, ndipo palibe mawu omasulira m'Chichewa, choncho mwana wa sekondale amene Chingerezi chimamuvuta sangapindule nawo payekha. Afunika mphunzitsi woti amutafunire. Mafunso ake ndi osankha yankho, amene amayesa ngati mwazindikira mtundu wa liwu kapena wa mfundo, koma palibe mphunzitsi amene adzawerenga chimangirizo chanu ndi kukuuzani pamene mwadumpha dzenje. Kunena zoona, maphunzirowa amaphunzitsa kuwerenga kuposa kulemba. Sakamba za kasanjidwe ka ndime, za chiyambi chokoka wowerenga kapena za kakomedwe ka chiyankhulo, ndipo amene akufuna zimenezo ayenera kuzifuna kwina. Ine sindidandaula nazo, chifukwa zimenezo tili nazo kale m'makalasi mwathu. Chimene tidalibe ndi sikelo.

Ndikuwayamikira kwa aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi, kwa oyang'anira makalabu a mtsutso, kwa atolankhani oyamba kumene, kwa ophunzira a zamalamulo, ndiponso kwa alaliki amene amafuna kuti mpingo uvomere chifukwa wamvetsa. Amene alibe nthawi ya magawo onse ayambe ndi loyamba, alitsirize lonse osadumpha mafunso, kenako apite ku lachinayi. Lachitatu libwere pambuyo, ndipo lachiwiri lidikire tchuthi. Aonetsetse kuti ali ndi kope pafupi, chifukwa phindu limabwera pamene munthu watenga nkhani ya m'nyuzipepala ya sabata imeneyo, kapena ndime ya mwana wake, n'kuiyala yekha pamwamba ndi pansi pa mzere.

M'kalasi mwanga tsopano, mwana asanandipatse chimangirizo, amasinthana kope ndi mnzake, ndipo mnzakeyo amazunguliza "choncho" aliyense ndi kulemba m'mbali chifukwa chimene akuganiza kuti chabisika. Zimatidyera mphindi 20 za phunziro la mphindi 80, ndipo masabata oyamba ana ankakwiyirana, poganiza kuti kufunsidwa "wadziwa bwanji?" ndi kunyozedwa. Teremu ikubwerayi ndikufuna kuyesa njira yomweyi pa miyambi, mwana aliyense asankhe umodzi, apeze wina woukokera kwina, n'kulemba ndime imodzi yonena nthawi imene uliwonse umagwira ntchito.